Ngalande yathu yatha: tikongole ndalama kapena tidikire thandizo?

Funso

Ndine mayi, msungichuma wa sikimu ya ulimi wothirira cha ku Lunzu, m'boma la Blantyre. Tilipo alimi 60 pa mahekitala 6. Madzi timapatutsa pamtsinje kudzera m'ngalande ya mamita 900 yomwe inamangidwa ndi njerwa kalekale. Chidutsireni namondwe wa Freddy, ngalandeyo inang'aluka malo ambiri moti anzathu a kumunsi madzi sakuwafika. Mmisiri wina watiuza kuti kuimanganso yonse ndi K40 miliyoni. Ena m'gulu akuti tikatenge ngongole, ena akuti tidikire mabungwe. M'thumba lathu muli K1.2 miliyoni basi. Tichite chiyani?

Yankho

Zikomo mayi. Ndiyambe ndi yankho lenilenilo, zifukwa zibwera pambuyo. Musakongole ndalama zomangira ngalande yonseyo. Komanso musakhale manja lende kudikira mabungwe, chifukwa mabungwewo safika pa gulu longokhala. Pamutu pa ngalande, pamene mumapatutsira madzi, ndi ngalande yaikuluyo, zifunireni thandizo losabweza. Zigamba ndi ngalande zing'onozing'ono zolowa m'mapuloti ndi zanu, za m'thumba mwanu ndi manja anu. Ngongole ili ndi malo ake, koma ndi ochepa, ndipo ndiwatchula.

Vuto la ngongole pa ntchito ngati iyi ndi nthawi. Ngalande yomangidwa bwino imatumikira zaka 15 kapena 20, ndipo phindu lake limabwera pang'onopang'ono, nyengo ndi nyengo. Wobwereketsa safuna kumva za zaka 20. Ambiri amafuna zawo m'chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo chiwongola dzanja cha kuno kwathu n'chokwera. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongola dzanja chake kufika pa 26 peresenti. Mabanki amawonjezerapo pawo akamabwereketsa anthu, ndipo mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono amawonjezera koposa.

Tiyeni tiwerengere limodzi, mongoyerekeza. Mwakongola K10 miliyoni, gawo limodzi chabe mwa magawo anayi a ndalama anatchula mmisiri uja, pa 35 peresenti pachaka, kubweza m'zaka ziwiri. Ngati chiwongola dzanja akuwerengera pa ndalama yotsala mukabweza, mwezi uliwonse muzipereka pafupifupi K585,000, ndipo pomaliza mudzakhala mutabweza K14 miliyoni. Ngati akuwerengera pa K10 miliyoni yonse kuyambira mwezi woyamba mpaka womaliza, osasamala kuti ina mwabweza kale, mwezi uliwonse ndi K708,000 ndipo zonse pamodzi ndi K17 miliyoni. Papepala onse awiri alemba 35, koma kusiyana kwake ndi K3 miliyoni. Ili ndi funso loyamba kufunsa aliyense wofuna kukubwereketsani ndalama, ndipo akamazemba kuyankha, dziwani kuti ndi njira yachiwiriyo.

Tsono chulukitsani kanayi. Pa K40 miliyoni, ngakhale pa njira yabwinoyo, gulu lanu lizifunika K2.3 miliyoni mwezi uliwonse, kutanthauza K39,000 kwa mlimi aliyense, miyezi 24 yotsatizana. Inu ndinu msungichuma, anthu anu mukuwadziwa kuposa ine. Pa puloti ya gawo limodzi mwa magawo khumi a hekitala, ndi angati angatulutse K39,000 mu Januwale ndi Febuluwale, m'nyumba mulibe ufa, fizi ya ana ikudikira? Nanga mwezi umene matimati asefukira pamsika wa Lunzu, mavenda n'kumatchula okha mtengo?

Palinso china chimene anthu amaiwala akamawerengera. Ngalande imamangidwa m'chilimwe, nthawi yomweyo imene mumathirira. Simungamange madzi akuyenda. Ndiye kuti nyengo imodzi ya chimanga chachiwisi kapena anyezi itayika, kapena ichepa, pomwe ngongole yayamba kale kuwerenga masiku. Mubweza musanakolole kanthu kuchokera ku chinthu chimene munakongolera.

Ndipo mvula ya masiku ano mukuidziwa. Kusefukira kwa madzi kwa mu Januwale 2015, Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022 yemwe anawononga ngakhale damu la Kapichira, kenako Freddy mu Malichi 2023. Chigawo chakummwera chakanthidwa kanayi m'zaka zosakwana khumi. Madzi akakokolola khoma la pamtsinje chaka chamawa, ngongole siikokoloka nawo. Banki singabwere kudzanyamula ngalande, n'chifukwa chake siivomera ngati chikole. Ifuna nyumba, njinga yamoto, ng'ombe, kapena kuti mamembala asaine kuti wina akalephera enawo amubwezera. Kawirikawiri osaina amakhala wapampando, mlembi ndi msungichuma. Mayi, dzina lanu ndi limene lidzakhale papepalalo.

Za banki m'khonde sindichedwapo. Magulu ambiri amaika 10 kapena 20 peresenti pamwezi, zomwe n'zoyenera wogula mbewu kapena wochita geni ya masabata ochepa, osati womanga. Katapila ndiye musamuyandikire n'komwe.

Tisanapite kwa opereka thandizo, ndikukayikira K40 miliyoniyo. Sindikunena kuti mmisiriyo ndi wabodza ayi, koma mmisiri amapeza zambiri akamanga zambiri, ndipo ngalande zambiri zimene eni ake amati zatha zimakhala kuti zatha malo atatu kapena anayi. Pitani kwa mlangizi wa m'dera lanu akulumikizeni ndi a nthambi ya ulimi wothirira ku ofesi ya zaulimi ya boma la Blantyre. Ali ndi mainjiniya, ndipo kuyendera masikimu ndi ntchito yawo, ngakhale nthawi zina amasowa mafuta a galimoto. Muyende nawo mamita 900 onsewo madzi akuyenda.

Kuyeza madzi mungathe ngakhale nokha. Sankhani malo owongoka a mamita 10, ponyani kachitsotso ka botolo pamadzi, muwerenge masekondi amene katenge kuti kafike kumapeto. Yezani kuya kwa madzi ndi m'lifupi mwa ngalande. Chitani zimenezi pamutu, pakati ndi kumunsi, zipata zonse za m'mapuloti zili zotseka. Pamene madzi atsika kwambiri pakati pa malo awiri, pamenepo ndi pamene pakudya madzi anu. Kumunsi, ngati madzi ndi ochepa, ndowa ya malita 20 ndi wotchi ya pafoni zikukwanira. Mwachidule, hekitala imodzi imafuna madzi okwana pafupifupi lita imodzi pa sekondi, usana ndi usiku, ndiye ngati mumathirira masana okha mufunika kuwirikiza. Kuyezaku muchite mu Okutobala, mtsinje utaphwa, osati mu Meyi. Ndi zomvetsa chisoni kumanga ngalande yokongola ya simenti kenako n'kuzindikira kuti vuto linali mtsinje womwe sukwanitsanso mahekitala 6 m'miyezi yotentha. Zikatero ndalamazo zikanapita ku damu laling'ono losungira madzi usiku.

Injiniya aonenso chimene chinang'ambitsa ngalandeyo. Freddy angakhale anangomalizitsa ntchito imene inayamba kale. Dothi la makande limafufuma likanyowa n'kung'aluka likauma, ndipo limathyola njerwa ngati pansi sanaikepo dothi lina lolimba. Mizu ya mitengo imalowa m'ming'alu. Nkhanu zimaboola. Ng'ombe zimaponda m'mphepete pofuna kumwa. Madzi a mvula otsika m'phiri, akasowa powolokera, amadutsa pamwamba pa ngalande n'kuigwetsa. Mukamanganso osachotsa chifukwa chake, zaka zitatu sizitha musanandilemberenso kalata.

Chimene mutuluke nacho pa ulendowu ndi pepala lolemba ntchito yonse m'zigawo, chigawo chilichonse ndi matumba ake a simenti, miyala, mchenga, zitsulo ndi masiku a amisiri. Pepalalo lilembe kuchuluka kwa zipangizo, osati mtengo wokha. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, itagwanso kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo mtengo wa simenti unatsatira. Pepala longoti K40 miliyoni limakalamba msanga, pomwe loti matumba akutiakuti mungaliwerengerenso mtengo tsiku lililonse.

Tsopano za thandizo. Masikimu akuluakulu ambiri a alimi ang'onoang'ono m'dziko muno sanakonzedwe ndi ngongole za alimi eni ake. Masikimu a Muona ku Nsanje, Nkhate ku Chikwawa, Likangala ku Zomba ndi Limphasa ku Nkhata Bay anakonzedwa kudzera mu pulojekiti ya IRLADP, ndi ndalama za World Bank ndi IFAD. Sikimu ya Bwanje inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yoyambira ku Kapichira kutsikira ku Chikwawa ndi Nsanje, ikumangidwa ndi ndalama zimene boma linapeza ku World Bank, African Development Bank ndi ena. Pena zimenezi zimakhala ngongole ndithu, koma wokongola ndi boma, pa chiwongola dzanja chochepa kwambiri ndi zaka makumi angapo zobwezera. Ngongole yoyenera ngalande ndi yotero, ndipo gulu la anthu 60 silingaipeze palokha. Choncho palibe chamanyazi kupempha thandizo pa ntchito imeneyi.

Makomo oti mugogode alipo angapo. Loyamba, lomwe anthu amalinyoza koma ndi lofunika, ndi la khonsolo. Nkhani yanu idutse ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), ipite ku komiti ya chitukuko ya dera la T/A (ADC), ilowe m'ndondomeko ya chitukuko ya boma la Blantyre. Mapulojekiti ndi mabungwe akabwera m'boma amayamba afika ku khonsolo kufunsa kuti kukufunika chiyani ndipo kuti. Sikimu yomwe ili kale pa mndandanda, ndi pepala la injiniya m'manja, imakhala patsogolo. Thumba la chitukuko cha m'dera la phungu (CDF) nalo lingagule matumba a simenti a chigawo chimodzi. Lankhulani ndi khansala ndi phungu wanu, koma zimene alonjeza pamsonkhano musaziike m'bajeti mpaka simentiyo itatsitsidwa pagalimoto.

Lachiwiri ndi mapulojekiti a unduna wa zaulimi. PRIDE, ya ndalama za IFAD, ndi ya ulimi wothirira weniweni, koma imagwira m'masikimu amene anasankhidwa kale. AGCOM, ya ndalama za World Bank, ndiyo imalandira mapempho kuchokera ku magulu a alimi ikalengeza. Mmene yakhala ikuyendera, pulojekiti imapereka 70 peresenti ya mtengo wa zimene gulu lapempha, gulu n'kusonkha 30, ndipo mwa 30 ameneyo 10 ayenera kukhala ndalama zenizeni, 20 wotsalayo angakhale zipangizo ndi ntchito ya manja. Koma AGCOM ndi ya ulimi wa bizinesi. Imafuna gulu lolembetsedwa, lokhala ndi wogula amene mwagwirizana naye, ndi ndondomeko yosonyeza kuti mupeza phindu lotani. Kungoti ngalande yathu yang'aluka sikukwanira. Muyenera kunena kuti tikakonza tidzakolola anyezi ochuluka chonchi, wogula ndi uyu. Werengani bwino chilengezo chatsopano chikatuluka, chifukwa malamulo amasintha gawo ndi gawo. Palinso mabungwe omwe si aboma ndi a mipingo amene amagwira ntchito za ulimi m'maboma a kummwera, makamaka chichitikireni Freddy. Amenewa muwapeza kudzera ku khonsolo komweko.

Onsewa, kaya ndi ndani, amayang'ana zinthu zofanana, ndipo apa ndi pamene ndikufuna muike mtima chifukwa zili m'manja mwanu lero. Gulu likhale lolembetsedwa mwalamulo, kaya ngati bungwe la ogwiritsa ntchito madzi, lomwe alimi amangoti WUA, kaya ngati kopaletivi, ndipo likhale ndi malamulo olembedwa ndi akaunti ya ku banki ya osaina atatu. Mukhale ndi chilolezo chotunga madzi kuchokera ku National Water Resources Authority, monga likunenera lamulo la madzi la 2013. Masikimu ang'onoang'ono ambiri alibe chilolezochi, ndipo amadzadzimuka tsiku limene wina watseka mtsinje kumtunda.

Nkhani ya malo ndiyo imagwetsa magulu ambiri. M'masikimu ochuluka a kuno, minda ili ndi eni ake, omwe amabwereketsa kapena kuchititsa lendi m'chilimwe n'kuitenganso mvula ikagwa. Ngalande ikadali yong'aluka, palibe amene amalimbana nazo. Ikangomangidwa ya simenti, malo aja akwera mtengo, ndipo mwini munda amakumbukira kuti ali ndi adzukulu ofuna polima. Anthu amene anasenza mchenga ndi miyala amapezeka ali kunja. Musanaike thumba limodzi la simenti, khalani pansi ndi eni minda, eni malo amene ngalande ikudutsamo, nyakwawa ndi a gulupu. Mulembe kuti mgwirizano ndi wa zaka zingati, lendi ndi yotani ndipo ingakwere motani, onse asaine, a T/A adinde. Zimatenga miyezi ndipo pamakhala kukokana, koma wopereka thandizo wanzeru sapereka ndalama popanda pepala limeneli.

Kenako buku lanu, mayi. K1.2 miliyoni pa anthu 60 ndi K20,000 aliyense. Sindikudziwitsani zachilendo ndikanena kuti mwina ena sanapereke msonkho wa madzi kwa nyengo zingapo. Wobwera kudzaona sikimu adzatsegula bukulo, ndipo funso lake ndi limodzi: tikawamangira, adzaisamala? Buku losonyeza kuti nyengo zinayi zapitazi anthu 55 mwa 60 analipira, ndalama zinalowa ku banki, malisiti a simenti ya zigamba alipo, limalankhula kuposa kalata iliyonse yopempha. Msonkhowo muziutolera nthawi yokolola, ndalama zili m'manja, ndipo wosalipira asapatsidwe puloti nyengo yotsatira. Ugaweni pawiri: wina wokonzera za tsiku ndi tsiku, wina wosakhudzidwa, wodikira tsiku la chigumula kapena la kusonkha 10 peresenti ija.

Pa 10 peresentiyo pali msampha. Gulu limamva kuti pempho lawo likuyenda bwino, n'kuthamangira kukakongola ndalama zosonkha kuti zikhale zokonzeka. Kenako pulojekiti ichedwa miyezi isanu ndi itatu, kapena pempho likanidwa, chiwongola dzanja chikungokwera. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Mpaka mutasainirana mgwirizano, thandizolo si lanu. Ndipo wina akabwera kuti mumupatse kenakake kuti dzina la sikimu yanu lidutse, kapena akukugulitsani mafomu, kafunseni kaye ku ofesi ya zaulimi.

Nanga ngongole ili pati? Ndingaivomere pawiri. Poyamba, mgwirizano wa thandizo wasainidwa, mwasonkha mbali yaikulu ya gawo lanu, kwatsala pang'ono, ndipo zokolola zili m'munda zoti mugulitsa m'miyezi itatu kapena inayi. Pamenepo kukongola kotsekera mpatawo n'kwanzeru. Kachiwiri, pali chigawo chimodzi chachifupi, tinene mamita 50, chomwe chikakonzedwa madzi afika kwa alimi 20 a kumunsi omwe panopa sakulima n'komwe. Phindu la pamenepo limaoneka nyengo yomweyo, ndipo mungaliwerengere. Muyeso wanga ndi uwu: ndalama zobweza pachaka zisapose zimene munatoleradi chaka chatha, osati zimene mukuyembekeza kutolera. Yambani mwafunsa ku SACCO ngati ena mwa inu ndi mamembala, muyerekeze ndi bungwe la boma lobwereketsa ndalama ndi mabanki. Paliponse funsani ndalama zonse zimene mudzabweze pamodzi ndi zolipira poyambitsa ngongole ndi inshuwalansi, funsani ngati angalole kubweza pokolola m'malo mwa mwezi ndi mwezi, ngati pali miyezi yopumira poyamba, ndi chimene chimachitika mukachedwa. Mayankhowo akhale olembedwa, ndipo muwawerenge pamsonkhano wa mamembala onse, osati wa komiti yokha.

K1.2 miliyoni muli nayoyo musaithere pamodzi. Gawo lina lipite ku mapepala aja, kulembetsa ndi chilolezo cha madzi. Gawo lina ligule simenti ya malo awiri kapena atatu amene akutaya madzi kwambiri. Mchenga, miyala ndi kukumba ndi ntchito ya mamembala, ndipo muzilemba tsiku lililonse amene wagwira ndi ngolo iliyonse ya mchenga, chifukwa zimenezo zidzawerengedwa ngati chopereka chanu. Pomanga, siyani mpata wolumikizira pa mamita awiri kapena atatu aliwonse kuti konkire ipeze pofutukukira, ndipo muithirire madzi masiku osachepera 7 isanayambe kugwira ntchito. Zigamba zambiri zimasweka chifukwa anthu amafulumira kutsegula madzi pa tsiku lachiwiri. Pamalo pamene ngalande imadutsa m'khwawa kapena m'makande, funsani injiniya ngati mapaipi okwirira pansi sangakhale bwino kuposa kumanganso, bola pamutu pakhale potsekera mchenga ndi zinyalala.

Thandizo likadzapezeka n'kubwera kontrakitala, onetsetsani kuti ndi wolembetsedwa ku bungwe la boma loyang'anira ntchito za zomangamanga, alipidwe chigawo ndi chigawo injiniya ataona ntchito, ndipo kandalama kena katsale mpaka ngalande itapyola dzinja limodzi. Musankhe anthu anu awiri kapena atatu oti aziwerenga matumba a simenti akamatsika ndi akamatsegulidwa.

Anzanu a kumunsi aja ndiwo andidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu. Munthu amene sakulandira madzi salipira msonkho, ndipo simungamudzudzule. Akachoka anthu 20, otsala 40 asenza okha mtolo wonse. Pokonza ndandanda ya kuthirira ya nyengo ikubwerayi, yambani ndi iwo. Madzi a m'mamawa, pamene ali ochuluka, azipita kumunsi zipata za kumtunda zili zotseka, a kumtunda azithirira pambuyo. A kumtunda adzadandaula, makamaka ngati ena a iwo ali mu komiti, choncho nkhaniyi ikambidwe a mfumu ndi mlangizi ali pomwepo, ndipo ilembedwe m'malamulo a gulu.